Mawu othera ndi ATCH andigwetsa, ndani ali ndi mndandanda?

Kanyenya_265
Anthu a pa gulu pano ndithandizeni mwina mtima ukhala pansi. Ndili ndi kagemu pa foni kotengera Wordle, koyerekeza mawu achizungu a zilembo zisanu m'maulendo asanu ndi umodzi kaja, ndipo ndinali nditakwanitsa masiku 64 osagwa olo kamodzi. Dzulo usiku ulendo wachitatu ndalemba MATCH, zilembo zinayi zakumapeto zonse girini, kutanthauza kuti ndi zolondola ndipo zili pa malo ake. Ndinati basi zatheka izi, ndinayamba kale kumwetulira. Ndalemba CATCH ayi. PATCH ayi. WATCH ayi. Maulendo atha, yankho likutuluka HATCH. Masiku 64 onse madzi. Ndiye ndikupempha, amene ali ndi mndandanda wa mawu a zilembo zisanu othera ndi ATCH, IGHT ndi ena otere auponye pano ndiloweze, zisadzandionekerenso.

Nachisale_Leeds
kkkkk pepani achimwene, maliro ali kuti tibwere ndi ufa? Ine anandigwetsa ndi a OUND, mpaka lero ndikaona FOUND mtima umagunda

Tchaya_Tchaya
BATCH, CATCH, HATCH, LATCH, MATCH, PATCH, WATCH. Ndi asanu ndi awiri odziwika. Lowezani koma mugwanso

Kanyenya_265
Ndigwanso bwanji poti ndawadziwa onse?

Mphunzitsi_Wopuma
A Tchaya akunena zoona, kungoti ayankha mwachidule kwambiri. Vuto lanu a Kanyenya silinali kusadziwa mawu. HATCH mumamudziwa, nkhuku zimaswa mazira kwanu konko. Vuto ndi masamu. Mutalemba MATCH munatsala ndi mawu asanu ndi amodzi oti angakhale yankho, pomwe maulendo anatsala atatu okha. Kumangosintha chilembo choyamba ndi chimodzimodzi kuponya mwala mumdima, mwina ugenda mwina ayi.

Chofunika pamenepo ndi kulolera kutaya ulendo umodzi. Mumasiya kaye ATCH uja n'kulemba mawu ena oti mkati mwake muli zilembo zingapo zimene mukukayikira. Tiyeni tione. Zoyamba zotsala zinali B, C, H, L, P ndi W. Mukanalemba BLIMP. B akasanduka girini ndiye kuti BATCH. L akakhala yelo, kutanthauza kuti alimo koma si pa malo ake, ndi LATCH. P akakhala yelo ndi PATCH. Zonse zikatuwa mwatsala ndi atatu, CATCH, HATCH ndi WATCH, ndipo maulendo atsala awiri. Apo mulemba CROWN. C woyambayo akakhala girini ndi CATCH, W akakhala yelo ndi WATCH, zikapanda kutero ndi HATCH. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mukulemba yankho mutalidziwa kale. Palibe njira yoti mukanaluza. Chimapweteka ndi chakuti umalemba BLIMP ukudziwiratu kuti si yankho, ndipo anthu ambiri zimenezi mtima sulola.

Kanyenya_265
Aphunzitsi mwandipweteka kawiri. Ndiye kuti ndinadzipha ndekha eti

Dzungu_Lamphesa
Njira ya aphunzitsiyo imagwira pokhapokha ngati simunayatse hard mode. Mukayatsa, chilembo chikangotuluka girini gemu imakukakamizani kuchisunga pomwepo, BLIMP wanuyo akanidwa pachipata. Ife a hard mode timangofa chamuna

Nachisale_Leeds
Kufa chamuna pa gemu ya pa foni kkkk, zimitsani chinthucho inu muzigona bwino

Dzungu_Lamphesa
Ayi asisi, kukoma kwake kuli pomwepo. Pa hard mode umayenera kuuona msampha usanalowemo. Ukaona kuti A ndi T zatuluka, usathamangire kudzaza ATCH yense nthawi imodzi, uziyamba wachotsa makonsonanti ena

Mbuzi_ya_Ntcheu
Ine funso langa ndi lina. Kusunga mndandanda pambali si kubera kumeneko? Mesa gemuyi ndi yoti uone mawu amene ali m'mutu mwako? Ukatsegula pepala ndiye kuti wapambana ndi pepala, iwe wangokhala kalaliki. Kusiyana kwake ndi likasa la pa mayeso ndi kotani?

Tchaya_Tchaya
Likasa umalowa nalo m'mayeso. Kuwerenga dzulo lake si likasa

Mbuzi_ya_Ntcheu
Nde mukuganiza a Kanyenya aziwerenga dzulo lake? Akangopanikizika atsegula pomwepo, ndikuwadziwa anthu ine. Mlamu wanga tsiku lililonse amaponya pa gulu la banja kuti wapeza ulendo wachiwiri, chonsecho meseji ya chizungu yopempha ngongole amachita kundilembetsa ine

Kanyenya_265
Aaa madala mwayamba kundiweruza ndisanalakwe. Ndati ndiloweze

Mai_a_Mapasa
Inu a Mbuzi musiyeni mwana aphunzire. Ine ndili ndi kope lomwe ndimalembamo mawu alionse achilendo amene ndakumana nawo pa gemuyi, pambali pake tanthauzo. KNOLL ndinamudziwira pomwepa kuti ndi kachitunda. CAULK ndi zomatira m'ming'alu kuti madzi asalowe, mawu ameneyu atatuluka pa Wordle mu 2022 ngakhale azungu eni ake analira pa intaneti. Ndiye ngati eni chilankhulo amatsegula dikishonale, ine wa ku Mponela ndichite manyazi chifukwa chani

Mbuzi_ya_Ntcheu
Kutsegula dikishonale gemu itatha sindikutsutsa mayi. Ndikunena zotsegula ili mkati

Injiniya_wa_Joni
Ndiponyepo za mmene gemuyi inapangidwira, chifukwa zimathandiza kudziwa mawu oyenera kuloweza ndi ongotaya nawo nthawi. Wordle anapanga ndi Josh Wardle, wa ku Wales koma amakhala ku Brooklyn ku America, dzina la gemu likuchokera pa dzina lake lomwelo. Anapangira chibwenzi chake chomwe chimakonda masewero a mawu, kenako anaitulutsa kwa anthu onse mu Okutobala 2021, ndipo mu Januwale 2022 nyuzipepala ya New York Times inaigula. Tsono mkati mwake anaikamo mindandanda iwiri. Wina ndi wa mawu onse amene gemu imalola kuti ulembe, pafupifupi 13,000. Wina ndi wa mawu amene angakhale yankho, ndipo poyamba analipo 2,315 okha, osankhidwa kuti akhale mawu oti munthu wamba anawamvapo. Chibwenzi chija ndi chomwe chinathandiza kusefa.

Nde ukapita pa masamba aja amakupatsa mawu onse othera ndi zilembo zakuti, amakuthira mawu mazanamazana omwe ambiri sangakhale yankho. Ukuloweza zinyalala. Chinanso, mawu ochulukitsa pongowonjezera S kumapeto ngati BOOKS, CARDS, gemu imawalandira koma sakhala yankho kawirikawiri, ndiye agwiritseni ntchito pofufuzira zilembo basi. Mu mndandanda wa mayankho uja chilembo chopezeka kwambiri ndi E, kutsatira A, R, O ndi T. Mawu ambiri amayamba ndi S, ndipo kumapeto kumachuluka E ndi Y. N'chifukwa chake anthu amayamba ndi SLATE, CRANE, STARE kapena RAISE.

Nachisale_Leeds
Ine ndimayamba ndi ADIEU tsiku lililonse ndipo sindisintha

Injiniya_wa_Joni
ADIEU ndi AUDIO anthu amawakonda chifukwa muli mavawelo anayi, koma kunena zoona mavawelo savuta kupeza. Alipo asanu okha, amadzionetsa okha. Chimagwetsa anthu ndi makonsonanti, onani nkhani ya a Kanyenyayi, A anali naye kale, anafera H

Nachisale_Leeds
Mwalankhula bwino koma mawa ndiyambanso ndi ADIEU

Gogo_wa_Bawo
Ana inu mukundiseketsa. Kutaya ulendo umodzi kuti udye patsogolo ndi nzeru ya bawo imeneyo, takhala tikuchita pansi pa mtengo wa mango musanabadwe. Wosewera bawo wadyera amathamangira kudya nkhomo zili pafupi, mnzake akumuwerengera patsogolo. Kusiyana kwake bawo umaseweretsa mnzako mukuseka, izi zanuzi aliyense ali chete maso pa foni ngati akuwerenga meseji ya maliro

Tchaya_Tchaya
Agogo foni mukulembera panoyi ndi ya bawo?

Gogo_wa_Bawo
Ndi ya mdzukulu wanga, wanditsegulira yekha. Iwe uli ndi mwano

Mphunzitsi_Wopuma
Kubwerera ku mindandanda, pali umodzi umene ife a Chichewa tiyenera kukhala nawo kuposa wina aliyense, wa L ndi R. M'chilankhulo chathu awiriwa sasiyanitsa tanthauzo. Lamulo la kalembedwe limangoti R alembedwe motsatira E kapena I, monga lira, bwera, ndipo pena ponse L, monga lola, kula. Khutu lathu linakula osawasiyanitsa. Koma pa chizungu ndi mawu awiri osiyaniratu, ndipo a zilembo zisanu alipo ambiri: LIGHT ndi RIGHT, GLASS ndi GRASS, FLESH ndi FRESH, CLOWN ndi CROWN, FLAME ndi FRAME, BLUSH ndi BRUSH, CLASH ndi CRASH, BLEED ndi BREED, PLANK ndi PRANK. Zaka zonse zimene ndinagwira choko ndinkachonga zimenezi ndi bolopeni yofiira mpaka kutopa. Pa gemuyi ndi mwayi, ukangoganiza mawu a L funsa msanga ngati ali ndi mnzake wa R.

Kanyenya_265
Aphunzitsi FLESH ndi FRESH mwandikumbutsa chikwangwani cha pa butchala ina kwathu, analemba kuti amagulitsa nyama ya FLESH

Dzungu_Lamphesa
Sananame kkkkk

Mai_a_Mapasa
Koma za L ndi R zi tisamadzinyoze nazo kwambiri. Kusukulu kwathu ukalankhula Chichewa ankakuveka kachikwangwani m'khosi, uzikayenda nako mpaka upeze wina wolankhula kuti umupatsire, womaliza nako madzulo ndiye wakupsa. Tinakula tikuopa chizungu ngati chilombo, poti ukachilephera pa MSCE satifiketi palibe olo masamu utakhoza bwanji. Ine chomwe ndimaikondera gemuyi n'chakuti kwa nthawi yoyamba ndikusewera nacho chizungu osaopa chikwapu. Ndikalakwa bokosi limangotuwa basi, palibe wondiseka

Mbuzi_ya_Ntcheu
Kachikwangwani kameneko ine ndinagona nako kawiri. Chabwino mayi, kope lanulo ndalivomera

Nachisale_Leeds
Chinanso choti muchenjere nacho ndi sipelo ya chi America. Ife tinaphunzira ya ku Britain, FAVOUR, COLOUR, HONOUR, zilembo zisanu ndi chimodzi, ndiye m'mutu mwathu mawu amenewa sabwera n'komwe ukamasaka a zisanu. Mu Januwale 2022 yankho linali FAVOR, kuno ku UK anthu anakwiya zedi, kuntchito kwathu inali nkhani ya pa tiyi. Nde lembani pambali: FAVOR, COLOR, HONOR, HUMOR, LABOR, RUMOR, TUMOR. Komanso FIBER ndi LITER, ife tinazolowera RE kumapeto

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga akanandilembera COLOR m'kalasi ndikanamuchotsera malikisi. Lero ndikumulemba ndekha ndi chala changa

Ba_Mlamu_Chipata
Mwauka bwanji a ku Malawi. Ine Wordle sinisewera maningi, wanga ni Scrabble, ija yopanga mawu pa bolodi na matailosi a zilembo. Nifuna nikuuzeni chinthu chimene chizakukondweretsani. Ndalama zathu zonse zilimo mu dikishonale ya Scrabble. KWACHA ni mawu ololedwa. NGWEE, ija yathu ya ku Zambia, ni ololedwa, zilembo zisanu. TAMBALA wanu nayenso alimo, ndipo ali na zilembo 7, kutanthauza kuti ukamuika yense kamodzi watsiriza matailosi ako onse, upatsidwa 50 ya bonasi pamwamba

Kanyenya_265
Mukunama alamu. TAMBALA pa Scrabble ya chizungu?

Ba_Mlamu_Chipata
Kayang'aneni mweka. Mayina a ndalama za maiko amalowa. Tambala amene sagula kanthu pa msika pa bolodi akupatsa mapointi opitirira 60

Tchaya_Tchaya
Ndiye ntchito yokhayo yamutsalira tambala

Injiniya_wa_Joni
Alamu akunena zoona. T, A, L ndi imodzi imodzi, M ndi B zitatu zitatu, pamodzi 11, kuphatikiza 50 ija 61, osawerengera mabokosi ochulukitsa. KWACHA ndi 18 chifukwa K ndi 5, W ndi H ndi 4 aliyense, C ndi 3. Enanso akwathu kuno ololedwa ndi BWANA, NYALA, MBIRA, MAMBA, onse zilembo zisanu. BWANA azungu anamutenga ku Chiswahili koma ndi bwana yemweyu timamudziwa. Ine ndinamuika pa bolodi kuno ku Johannesburg tikusewera ndi anzanga a kuntchito, wina anakana kuti palibe zolankhula za kumudzi pano, tinatsegula mndandanda wa Collins, womwe amagwiritsa ntchito pa mipikisano kunja kwa North America, anangoti kukamwa yasa

Dzungu_Lamphesa
Pa Scrabble ndiye mkangano wa a Mbuzi uja umathera pomwepo, chifukwa kumeneko kuloweza mindandanda ndiye gemu yeniyeniyo. Akatswiri amayamba ndi mawu a zilembo ziwiri, QI, ZA, XI, XU, JO, kenako a Q opanda U ngati QAT ndi QADI, poti Q ndi Z ndi mapointi 10 ndipo ukatsala naye Q m'manja gemu ikatha amakuchotsera. Tanthauzo ambiri salidziwa ndipo alibe nalo ntchito. Pali mkulu wina wa ku New Zealand, Nigel Richards, mu 2015 anawina mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa asakulankhula Chifalansa, anangoloweza dikishonale yawo kwa masabata ochepa. Mu 2024 anakachitanso zomwezo pa ya Chisipanishi. Nde mumutcha wobera?

Mbuzi_ya_Ntcheu
Ameneyo sindimutcha wobera, ndimutcha mfiti. Koma onani, mawuwo anali m'mutu mwake, sanalowe ndi pepala. Mfundo yanga ili pomwepo. Ndipo mwanditsimikizira china, kuti kuloweza mindandanda si kudziwa chilankhulo. Munthu wawina dziko lonse koma sangagule buledi ku Paris

Mai_a_Mapasa
Apo ndiye mwalasa. N'chifukwa chake kope langa lili ndi matanthauzo

Ba_Mlamu_Chipata
Musaiwale kuti chaka chomwecho cha 2015 wa chizungu anawina ni mu Africa, Wellington Jighere wa ku Nigeria, ku Perth ku Australia, anagonjetsa Lewis Mackay wa ku England mu fainolo. Woyamba wa mu Africa kutenga chikho chimene chija. Ku Nigeria boma linavomereza Scrabble ngati masewero enieni, ali na makochi na makampu ngati a mpira. Ndipo anadziwika na kasewero kokonda mawu afupiafupi, osatsegulira mnzako mabokosi a mapointi ambiri. Chizungu si cha azungu okha iyayi

Gogo_wa_Bawo
Kutsekera mnzako njira, bawonso imeneyo

Tchaya_Tchaya
Agogo chilichonse ndi bawo

Nyenyezi_Mzuzu
Ndabwera mochedwa magetsi kunalibe kuyambira m'mawa foni inathima. Ine ndikufunsa, bwanji wina osatipangira ya Chichewa? Mawu a zilembo zisanu tili nawo ambirimbiri, nsima, nyama, mvula, mwana, mbuzi, usipa, bonya, mpasa, khasu, mudzi. A Injiniya muli pompano

Injiniya_wa_Joni
Ndinaganizapo asisi. Kupanga gemuyo si ntchito, ntchito ndi mndandanda. Choyamba mawu athu onse amathera ndi vawelo, ndiye bokosi lomaliza ndi mphatso, ungosankha pa zisanu. Q ndi X kulibe, C sayenda yekha popanda H. Chachiwiri aneni athu amamata zinthu, kudya, adya, ndadya, tadya, wadya, mwadya, nanga tilola ati tikane ati? Tikalola onse ndiye TADYA, WADYA, YADYA, ZADYA, LADYA, KADYA, msampha woposa ATCH wa a Kanyenya. Chachitatu sipelo, wina alemba mawu wina mau, wina bwera wina bwela, ndeu ingayambike tsiku loyamba. Nanga NG' wa ng'ombe timuwerenga zilembo zingati

Mphunzitsi_Wopuma
Ya Chichewa ingakome itakhala ya maphatikizo osati zilembo. Ana timawaphunzitsa kuwerenga ndi ba be bi bo bu, ndiye bokosi lililonse likhale phatikizo, chi-ma-nga, mabokosi atatu. Ndi mmene mutu wa Mchewa umadulira mawu. Mukapanga ndidzakuthandizani kusefa mndandanda, nthawi ndili nayo yambiri

Nyenyezi_Mzuzu
Mukaikemo ndi ya Chitumbuka tisakangane

Dzungu_Lamphesa
Tisanabalalike, a Kanyenya anapempha misampha ina. IGHT: EIGHT, FIGHT, LIGHT, MIGHT, NIGHT, RIGHT, SIGHT, TIGHT. OUND: BOUND, FOUND, HOUND, MOUND, POUND, ROUND, SOUND, WOUND. Wina woipa ndi SHA_E, pakati pamalowa D, K, L, M, P, R, V. Pa IGHT mawu ofufuzira abwino ndi SNARL, amakuyezerani S, N, R ndi L kamodzi. Pa OUND yesani WHOMP. Muzikumbukiranso kuti chilembo chimatha kubwera kawiri kapena katatu, MUMMY, FLUFF, ndipo ena alibe A E I O U ngakhale mmodzi, CRYPT, NYMPH, GLYPH, Y ndi amene amagwira ntchito ya vawelo

Kanyenya_265
WHOMP ndi mawu enieni kapena mwapeka?

Dzungu_Lamphesa
Enieni, ndi kumenya chinthu mwamphamvu mpaka phokoso. Ngati mmene HATCH anakuchitirani

Nachisale_Leeds
Pempho langa kwa inu a kumudzi amene mumasewera Wordle weniweniyo. Mawu atsopano amatuluka 12 koloko usiku pa nthawi ya komwe uli, ndiye inu mumalandira ife kuno tisanalandire, ola limodzi nthawi yotentha, maola awiri nthawi yozizira. Musamaponye yankho pa gulu chonde. Mwezi watha wina analemba kuti "koma mawu a lerowa abale, ndani amadziwa zoti" n'kutchula mawuwo. Ndinamusunga mumtima

Tchaya_Tchaya
Ndinapepesa kale nkhani imeneyo

Kanyenya_265
Ndabwera kudzapereka lipoti. Lero ndayamba ndi SLATE, ulendo wachitatu ndinali ndi zinayi za girini, chala chinafuna kuthamanga koma ndinakumbukira aphunzitsi, ndataya ulendo umodzi, ndapeza wachisanu. Tsiku 1. Atsala 63 kuti ndibwerere pomwe ndinali

Mbuzi_ya_Ntcheu
Pepala linali pambali?

Kanyenya_265
Linali m'thumba madala, sindinalitulutse

Mbuzi_ya_Ntcheu
Mlamu wanga amateronso